Mafunso ndi mayankho kwa mayaro: chaka choyamba cha koleji mu Blantyre

Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimafunsidwa chaka ndi chaka ndi ana a abale komanso a kumpingo kwathu mayina awo akatuluka. Ochepa amafunsa pamaso. Ambiri amadikira makolo agone, kenako uthenga wa pa WhatsApp umalowa cha m'ma 11 koloko usiku: "Achimwene, pepani kukuvutitsani." Simukundivutitsa. Inenso ndinatsikira pa Wenela ndi chikwama chimodzi ndi kathumba ka ufa, ndipo zambiri zimene zinandipweteka chaka chimenecho zikanapeweka ndikanangotsegula pakamwa n'kufunsa.

Aliyense akunditchula kuti yaro. Kodi akunditukwana?

Sakukutukwanani. Yaro ndi wophunzira wa chaka choyamba, amene anakutsogolerani ndi makonti, amene akumaliza ndi mafinale, ndipo amene mumagona naye chipinda chimodzi ndi mesho wanu. Dzinali lidzakuchokani lokha, ndipo chaka chamawa mudzakhala inuyo amene mukulitchula mokweza kuposa onse. Chosaloledwa n'chakuti wina akumenyeni, akulandeni ndalama kapena akukakamizeni mowa chifukwa ndinu yaro. Umenewo si mwambo, ndi mlandu, ndipo ofesi ya Dean of Students inakhazikitsidwira zoterozo.

Mayina a masukulu nawonso amasokoneza alendo. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic ya ku Chichiri, imene inayamba mu 1965, inasanduka MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Koma kondakitala wa minibasi zimenezo alibe nazo ntchito. Mukamuuza kuti "pa Poly" adzakutsitsani pamalo oyenera. A ku KUHeS muwerenge kalata yanu kawiri, chifukwa kampasi ya Mahatma Gandhi ili pafupi ndi chipatala cha Queens pomwe ya Kameza ili msewu wa ku Chileka, ndipo pakati pake si pamtunda woyenda wapansi ndi katundu pamutu.

Sabata yoyamba akuti ndi ya orientation, maphunziro sanayambe. Nditha kubwera mochedwa?

Musatero. N'zoona kuti zolankhula zake zina n'zogonetsa tulo, koma ndi sabata imeneyi pamene mumalembetsa, mumajambulitsa chiphaso cha sukulu, mumapatsidwa imelo ndi nambala yolowera pa intaneti ya sukulu, ndiponso mumasonyezedwa laibulale ndi kiliniki. Koposa zonse, ndi nthawi yokhayo imene aliyense ndi mlendo. Mungathe kufunsa kuti chimbudzi chili kuti popanda wokusekani. Pakatha masabata atatu anthu amakhala atapezana m'timagulu, ndipo wobwera mochedwa amakhala ngati wafika pa ukwati mpunga utagawidwa kale.

Pasabata imeneyi mupeze kabuku ka malamulo a maphunziro ndipo muwerenge masamba atatu okha: malikisi okhozera, zimene zimachitika ukalephera phunziro limodzi kapena angapo, ndi chilango cha kubera mayeso.

Sindinapeze malo ku hostelo. Ndikhale kuti?

Simuli nokha. Mabedi a pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, ndiye ambiri amachita lendi. Amene amaphunzira cha ku Chichiri ndi ku Ginnery Corner mudzawapeza ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Zingwangwa, Manja, Chinyonga ndi ku Ndirande. Funso loyamba lisakhale lakuti chipinda n'chokongola bwanji, likhale lakuti mungayende wapansi kapena ayi. Chipinda chotchipa chimene chimafuna minibasi m'mawa ndi madzulo chimadzakhala chodula mwezi ukamatha, ndipo tsiku limene thumba lauma ndi tsiku limene mudzajombe kalasi.

Musalipire chipinda chimene simunachione ndi maso. Nyengo yotsegulira sukulu imadzutsa anthu amene amaika zithunzi za nyumba za eni pa Facebook, n'kumati "tumizani dipoziti pa Airtel Money, anthu akulimbirana." Mukatumiza, foni imazima. Pitani nokha kapena tumani wachibale. Mukafika funsani amene akukhalamo kale, osati landilodi yekha: madzi amatuluka kangati pa sabata, mayunitsi a magetsi mumagawana bwanji, geti amatseka nthawi yanji, kuphikira hotipuleti n'kololedwa kapena ndi mbaula basi, nanga pa holide lendi mumalipirabe? Funso lomalizali ine sindinafunse. Nditabwerako kumudzi ndinapeza loko wina pachitseko, mabuku anga ali m'kati, landilodi akuwerengera miyezi iwiri imene sindinagonemo. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, ndipo risiti iliyonse muziijambula pa foni.

Onaninso pamene nyumbayo yakhala. Amene anali mu mzinda muno mu Malichi 2023 sanaiwale mmene namondwe wa Freddy anagumulira matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje kapena pansi pa chitunda chogumuka imaoneka bwinobwino mu Okutobala.

Za kusikwata, kutanthauza kugona m'chipinda cha mnzanu ku hostelo inu mulibe malo: anthu amachita, sindinama, koma malamulo amaletsa, ndipo mukagwidwa amene amataya bedi ndi mnzanu wachifundoyo.

Loni ya boma imayenda bwanji?

Imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2015. Ambiri amangoti a Loans Board. Imathandiza ophunzira osowa pa fizi, pa ndalama yodyera ndi kugona imene timaitcha apukipu, komanso ya mabuku. Kusankhidwa kupita ku yunivesite sikutanthauza kuti loni mwapeza kale. Mumafunsira panokha pa nthawi imene bungweli lalengeza, ndipo tsiku lotsekera likadutsa ladutsa. Mukhale ndi chiphaso cha unzika, ndipo dzina lanu lilembedwe chimodzimodzi pa chiphasocho, pa satifiketi ya MSCE ndi ku banki. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumayendetsa munthu m'maofesi mpaka nsapato kutha.

Zinthu ziwiri muzidziwe. Choyamba, iyi ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza maphunziro, ndipo ndalama zobwezazo n'zimene zimathandiza azing'ono anu. Chachiwiri, musachoke kunyumba chimanjamanja podalira kuti loni ikupezani tsiku loyamba. Konzani ya mwezi woyamba, ngakhale zitatengera kugulitsa mbuzi. Ngati loni yakukanani, pitani ku ofesi yoona za ophunzira mukanene msanga. Mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino akafuna kuthandiza amafunsa mayina kumeneko, ndipo dzina limene silinalembedwe silitchulidwa.

Ndalama ikangolowa imatha pa masabata awiri. Ndikulakwitsa pati?

Mitengo sinditchula, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa lero sukhala wa mawa. Koma dongosolo lake silinasinthe. Tsiku limene ndalama yalowa, lipirani lendi musanadye n'komwe. Kenako gulani zosawola: ufa, nyemba, mafuta, mchere, shuga, sopo, masoya, usipa kapena bonya. Za ndiwo zamasamba ndi tomato, msika wa Ndirande, wa Limbe kapena wa Zingwangwa ukuthandizani kuposa mashopu a ku Chichiri. Yotsalayo igaweni pa masabata, ndipo ya sabata yamawa isakhale pa foni imene mumagulira bandulo.

Anthu atatu kapena anayi akasonkha n'kumaphika mphika umodzi amadya bwino kuposa aliyense payekha, bola mugwirizane poyamba za wotsuka mbale, pakuti maubwenzi ambiri a pa koleji anathera pa poto wa nyemba. Tchipisi cha pachiwaya ndi zigege n'zokoma, koma zikhale za Loweruka.

Mbava zenizeni za apukipu ndi ziwiri. Yoyamba ndi kubetcha. Kumayamba ndi kandalama kochepa pa mpira wa Arsenal, kenako munthu amayamba kuthamangitsa zimene waluza, mpaka fizi imene mayi anapeza pogulitsa mandasi yapita. Yachiwiri ndi katapila. Pa kampasi iliyonse pali wina wobwereketsa ndalama amene amagwira laputopu kapena foni ngati chikole. Ngati zafika poti mugone ndi njala, kuli bwino kuuza mesho, a kumpingo kapena ofesi kusiyana n'kupita kwa ameneyo.

Ku sekondale ndinali nambala wani, MSCE ndinakhoza bwino. Mayeso oyamba kuno ndalephera. Kodi mutu wanga wafika pothera?

Funso ili ndi limene limabwera usiku kwambiri, ndipo ndiyankha motalika.

Mutu wanu uli bwino. Chasintha ndi ichi: ku sekondale kunali belu, kunali prepu, kunali aphunzitsi amene amalemba manotsi pa bolodi n'kumayendayenda kuona ngati mwakopera. Mukajomba, ahedi amaitanitsa makolo. Kuno kulibe amene adzakudzutseni. Lekichara amalowa, amathamanga ndi masilaidi kwa ola limodzi kapena awiri, n'kutuluka. Zimene wanenazo ndi mafupa chabe, nyama yake mukaipeze nokha m'mabuku. Komanso m'kalasi mwanumo aliyense anali nambala wani kwawo, wa ku Chitipa, wa ku Nsanje, wa ku sukulu ya mishoni, wa ku CDSS. Wina ayenera kukhala wa 60.

Chimene chimagwetsa mayaro ambiri si umbuli, ndi manyazi. Munthu amene anazolowera kufunsidwa ndi anzake amavutika kunena kuti "pamenepa sindinamve." Ine ndinakhala semesita yonse osamvetsa phunziro lina la masamu, ndikugwedeza mutu m'kalasi ngati ndikutsatira, n'kumadzitonthoza kuti ndidzawerenga mayeso akayandikira. Ndinalemba sapu. Sapu ndi mayeso achibwereza amene umalemba anzako ali pa holide, ndipo kufotokozera bambo chifukwa chimene ukubwerera ku Blantyre msanga si nkhani yokoma. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndithu. Mnzanga amene anandimasulira phunzirolo pa masiku anayi okha anali atakhala pambali panga semesita yonseyo.

Ndiye chitani izi. Dziwani kuti malikisi anu sachokera pa mayeso omaliza okha: timayeso ta pakati pa semesita, maasainimenti ndi ntchito za mu labu zimawerengedwa, ndipo amene wataya zimenezi amalowa m'mayeso omaliza ali kale m'dzenje. Pa tsiku loyamba la phunziro lililonse funsani mmene malikisi amagawidwira. Zimene mwaphunzira lero muzibwereze lero lomwe, ngakhale kwa theka la ola. Pezani gulu la disikashoni la anthu osapitirira asanu, ndipo musasankhe ochokera kwanu okhaokha kapena oseketsa. Sankhani amene amafika pa nthawi. Mapepala a mayeso akale ali ku laibulale ndi kwa makonti. Muwayankhe ndi cholembera, osati kungowayang'ana n'kumati "ili ndikulidziwa."

Malekichara ambiri sakana wophunzira amene wagogoda ndi funso lolunjika. Musapite ndi "sindikumva chilichonse"; pitani ndi tsamba, muloze mzere umene mwasochera. Ndipo mupite sabata yachitatu, osati mayeso atatsala masiku awiri.

Mawu amene mudzawamve akunong'onedwa ndi akuti kuwididwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera maphunziro ambiri. Zimachitikadi, ndipo kawirikawiri m'chaka choyamba. Koma palibe amene amawididwa modzidzimukira. Zizindikiro zimaoneka pa timayeso toyambirira, nthawi yokonza ikadalipo.

Chingelezi changa n'chakumudzi, ndimaopa kuyankhula m'kalasi.

Amene amayankhula ngati a pa wailesi si onse amene amakhoza. Mayeso amalembedwa, sayankhulidwa. Yankhulani choncho chomwecho, lilime limafewa ndi ntchito. Ku disikashoni masuliranani m'Chichewa mpaka mfundo ilowe, kenako muilembe m'Chingelezi. Phunziro la luso la chiyankhulo limene mayaro ambiri amalipeputsa musalijombe, chifukwa ndi kumene amaphunzitsa kalembedwe ka lipoti ndi katchulidwe ka mabuku amene mwagwiritsa ntchito. Kukopera ntchito ya mnzanu, ya pa intaneti kapena ya ChatGPT n'kuipereka ngati yanu ndi mlandu umene ungakutayitseni malo.

Ndilibe laputopu. Ndikwanitsa?

Chaka choyamba ambiri amakwanitsa ndi foni, makompyuta a pasukulu ndi kubwerekana, ngakhale a zojambula mapulani ndi a za makompyuta amaifuna msanga. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, tengani wodziwa akayese batire, chifukwa magetsi akazima laputopu yopanda batire ndi thireyi chabe. Ntchito zanu muzisunganso pa imelo kapena pa Google Drive. Manotsi tsitsani pa Wi-Fi ya sukulu masana kuti bandulo ipume.

Kosi imene anandisankhira si imene ndinkafuna.

Ipatseni semesita imodzi ndi mtima wonse musanaiweruze, ndipo mucheze ndi mafinale komanso amene akugwira ntchito yake. Ngati mtima ukukanabe, njira yopempha kusintha imadutsa kwa Registrar, ili ndi nthawi yake, ndipo imadalira malo ndi magiredi anu a MSCE. Choopsa ndi kunyanyala mwakachetechete, kusiya kulowa m'kalasi uku pempho lisanayankhidwe. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kwa amene mukupita ku makoleji omwe si aboma, amene mu Blantyre alimo ambiri: musanalipire kalikonse onani ngati sukuluyo komanso kosi yeniyeniyo zili pa mndandanda wovomerezeka wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Za ntchito zamanja, monga za ku Soche Technical College, zimayang'aniridwa ndi TEVETA.

Mu tauni ndiyende bwanji osaberedwa?

Msewu waukulu wa Masauko Chipembere ndi umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe kudzera pa Ginnery Corner ndi Chichiri. Mukaudziwa umenewu simusochera. Funsani mtengo musanakwere minibasi kapena kabaza wa njinga yamoto, ndipo wa kabaza wopanda chipewa choteteza mutu mulekeni apite. Mu Limbe ndi m'madepoti foni isakhale m'thumba lakumbuyo. Mukawerenga mpaka usiku, bwererani m'gulu, ndipo njira zachidule zodutsa m'mitsinje ndi m'minda muzisiyire masana. Akakuimbirani kuti atumiza ndalama molakwika pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kapena kuti ndi a ofesi ya maloni akufuna nambala yanu yachinsinsi, dulani foni.

Konti wina, kapena munthu wamkulu wa galimoto, akundifuna. Nanga akakhala lekichara?

Chibwenzi si tchimo la pa koleji, ndinu akuluakulu. Koma dziwani kuti masabata oyambirira pali ena amene amasaka mayaro dala, podziwa kuti ndinu alendo, muli nokha ndipo ndalama n'zochepa. Amene akukufunani zoona adzadikira semesita ithe. Wa galimoto amene akulipira lendi amadzafunanso kulamula thupi lanu ndi nthawi yanu, ndipo tsiku limene mwakana, lendi imaima. Izi zikukhudzanso anyamata.

Akakhala wogwira ntchito pasukulu amene akulonjeza malikisi kapena kuopseza kuti akulepheretsani, limenelo ndi khalidwe limene lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa. Musafufute mauthenga ake, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo kanenani ku ofesi yoona za ophunzira kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati mwagwiriridwa kapena kondomu yaphulika, thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mulandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, pamodzi ndi mapiritsi oteteza ku mimba yosakonzekera. Ku Queens kuli One Stop Centre kumene a chipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira malo amodzi.

Ndikusowa kwathu, usiku sindigona, nthawi zina ndimalira. Ndibwerere?

Kupukwa kumagwira pafupifupi aliyense, ngakhale aja amaoneka olimba pa khonde la hostelo. Nthawi zambiri kumachepa mukapeza anthu awiri atatu odya nawo. Lowani kena kake: kwaya, mpira, SCOM (gulu la ophunzira Achikhristu), gulu la ophunzira Achikatolika kapena Achisilamu, gulu la ochokera boma lanu. Chimodzi kapena ziwiri zakwana. Ndinaonapo anthu amene mapemphero ndi misonkhano inawadyera semesita mofanana ndi mmene mowa unadyera ena. Loweruka lina kwerani phiri la Michiru ndi anzanu, kapena kaonereni Bullets kapena Wanderers, mzindawu uyambe kukhala wanu.

Koma ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa osafuna kudya, osafuna kudzuka, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, kumeneko si kupukwa wamba. Uzani munthu lero lomwe: mesho, mlangizi wa pasukulu, wa ku kiliniki, abusa kapena shehe. Ku Queens kuli madokotala a matenda a maganizo. Anyamata, mawu aja akuti mwamuna salira atiikitsa anzathu m'manda. Ndipo inu amene mwaona kuti mesho wanu wasiya kutuluka m'chipinda, musadikire kuti ayambe yekha kulankhula.

Ndine kholo. Ndingamuthandize bwanji mwana wanga ndili kutali?

Bambo ndi mayi, mukaimba foni musayambe ndi "mayeso zikuyenda?" Yambani ndi "wadya chiyani lero?" Yankho lake lidzakuuzani zambiri. Ngati mungathe, kandalama kochepa kobwera pa tsiku lodziwika kamathandiza kuposa yambiri yobwera mwadzidzidzi, ndipo thumba la ufa ndi nyemba zotumiza pa basi sizichititsa manyazi aliyense. Musamusenzetse mavuto onse a pakhomo ngati wayamba kale ntchito. Apukipu si malipiro. Ndipo muuzeni pakamwa panu, asananyamuke, kuti akalephera phunziro adzakuuzeni. Ana ambiri amabisa sapu chifukwa mudzi wonse unawaperekeza ndi nthungululu ndipo ayamba kale kutchedwa adokotala kapena ainjiniya.

Nditenge chiyani pochoka kunyumba?

Kalata yokuitanani, chiphaso cha unzika, satifiketi kapena chikalata cha zotsatira za MANEB, risiti ya ku banki ya fizi, zithunzi zing'onozing'ono, ndi mafotokope a zonsezi m'envulopu ina yapadera. Buku lanu la kuchipatala, makamaka ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Neti ya udzudzu, loko wolimba, tochi, mbale, kapu, supuni ndi kapoto. Ndowa yokhala ndi chivindikiro, chifukwa mipopi imauma ndithu, ndipo madzi osunga muziwathira WaterGuard. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inachititsa kuti masukulu a pulaimale ndi sekondale mu Blantyre achedwe kutsegulira mu Januwale 2023. Nsapato zoyendera, pakuti mzinda uno ndi wa zitunda. A ku Chikwawa, Nsanje ndi kunyanja musaseke: tengani bulangete lenileni ndi juzi yochindikala. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chikatsika, kalasi ya 7:30 m'mawa imakhalapobe.